Zotsatira za MSCE zatuluka: yunivesite, ntchito zamanja kapena usilikali?

Zotsatira za Fomu 4 zikangotuluka, pakhomo sipasowa alangizi. Amalume akuti mwana apite ku yunivesite basi, azakhali akuti kuusilikali kuli malipiro a mwezi ndi mwezi, aneba a garaja akuti abwere mawa lomwe ayambe kugwira sipanala. Onsewa amakamba za ulemu ndi ndalama. Chimene amachidumpha n'chakuti makomo atatuwa satseguka mofanana ndipo satulukika mofanana. La usilikali limatseka ndi zaka zakubadwa, ndipo mukalowa simutuluka tsiku limene mwafuna. La yunivesite ndi lopanikiza polowa, koma limakhalapobe ngakhale mutafika zaka 35. La ntchito zamanja limalandira pafupifupi aliyense, koma limasiya munthu panjira ngati sanaganizire za zipangizo ndi pepala. Choncho musanasankhe, yankhani mafunso atatu: adzakulipirirani ndani zaka zophunzirazo, mudzayamba liti kulandira ndalama yanuyanu, ndipo zikadzakanika mudzabwerera bwanji?

Yunivesite: kulowa ndi nkhani ina, kumaliza ndi inanso

Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Atatu oyambawo anali thupi limodzi mpaka 2021 pamene University of Malawi inagawidwa. Kufunsira malo m'mayunivesite onsewa kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo poyambira pake ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi yoyambira pa 1 kufika pa 6, ndiye kuti woyenera kufunsira malo amakhala ndi mapointi apakati pa 6 ndi 36. Koma kuyenera kufunsira si kusankhidwa. Oyenera amachuluka kwambiri kuposa malo, ndipo chaka chilichonse ena okhoza bwino amatsala.

Ambiri amatsalira pa fomu yofunsira malo, osati pa mayeso. Amayang'ana mapointi onse pamodzi n'kuiwala kuti pulogalamu iliyonse imayang'ana maphunziro akeake. Uinjiniya umafuna Masamu ndi Physics zolimba. Udokotala umafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Munthu wa mapointi 14 amene anawala pa Chichewa, Bible Knowledge ndi Social Studies, koma Masamu n'kupeza 6, akadzaza fomu yonse ndi mapulogalamu a sayansi akhoza kutsala, mnzake wa mapointi 20 n'kutengedwa chifukwa anasankha zogwirizana ndi magiredi ake. Werengani zofunika pa pulogalamu iliyonse mzere ndi mzere, ndipo pa zosankha zanu ikanipo imodzi kapena ziwiri zomwe anthu sazithamangira.

Madigiri ambiri ndi a zaka 4, uinjiniya 5, udokotala kuposa pamenepo, ndipo kalendala ikasokonekera zakazo zimatalikirapo. Zaka zonsezi inu simulowetsa kanthu pakhomo, mumangotulutsa. Fizi ndi gawo chabe. Mahositelo sakwanira, choncho ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu. Onjezeranipo chakudya cha tsiku ndi tsiku, laputopu, mabandulo, kupulinta ntchito ndi thiransipoti ya potsegulira ndi potsekera. Ophunzira ambiri amene amasiyira panjira sikuti nzeru zinawathera, koma kuti analowa m'kalasi ndi njala, kapena analetsedwa kulemba mayeso chifukwa cha fizi yotsalira. Banja liwerenge ndalama za zaka zonse, osati za semesita yoyamba yokha, chifukwa chimwemwe cha kusankhidwa chimachititsa achibale kulonjeza zomwe sadzakwanitsa chaka chachiwiri.

Ngongole ya ophunzira ilipo, imaperekedwa ndi bungwe la HESLGB. Kumbukirani zinthu zitatu: si onse ofunsira amene amapatsidwa, wopatsidwayo nthawi zambiri sizimukwanira pa zonse, ndipo ndi ngongole yeniyeni yomwe idzadulidwe pa malipiro mukadzayamba ntchito.

Amene sanasankhidwe amayang'ana ku mayunivesite omwe si a boma. Alipo abwino, koma musanalipire ngakhale tambala, onani pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu imene mukufunayo ndi yovomerezeka. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma digiri ina mkati mwake ayi, ndipo mudzazindikira izi patatha zaka 4, olemba ntchito akukubwezerani pepala.

Digiri ikatha, ntchito zina zimafunanso chilolezo. Namwino amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi atagwira kaye ntchito moyang'aniridwa, wowerengera chuma amapitiriza ndi mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a ntchitoyi. Ndipo ngakhale m'ntchito zofunika chonchi, kudikira kulembedwa kumatha zaka. Komabe tisanamizane: pali mipando imene munthu wopanda digiri sangakhalepo ngakhale atadziwa ntchito chotani, ndipo pa moyo wonse digiri yosankhidwa bwino imabweza ndalama zake. Imangochedwa kuyamba kubweza. Pakati pa digiri ndi kukhala pakhomo palinso madipuloma a ku Malawi College of Health Sciences, makoleji a zaumoyo a mipingo a CHAM, ndi makoleji a zauphunzitsi a Domasi ndi Nalikule, omwe ambiri amawaiwala pomwe njira yake yopita kuntchito ndi yooneka bwino kuposa ya madigiri ena.

Ntchito zamanja: njira imene imanyozedwa ndi osaidziwa

Pakhomo pambiri, mwana akalephera kupeza malo ku yunivesite ndi pamene amamuuza kuti ukaipa dziwa nyimbo, pita ukaphunzire ukalipentala. Maganizo amenewa ndi amene amawononga njirayi, chifukwa amatumizako anthu okhumudwa amene sanasankhe okha. Wokoka mawaya a magetsi amawerengera mphamvu imene waya anganyamule. Wokonza mafiriji amayenera kumvetsa mmene gasi amayendera m'mapaipi. Makaniko wa lero amalumikiza kompyuta ku galimoto kuti awerenge vuto. Wodana ndi Masamu adzavutikanso kuno.

Njira zophunzirira zilipo zitatu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Yoyamba ndi kusankhidwa kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVET, ndipo ndalama imeneyo ndi imene imapepukitsa fizi ya osankhidwa. Makoleji akuluakulu ndi Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linayambanso kutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ndi wa Ngara ku Karonga, kuti wophunzira azichokera kufupi ndi kwawo. Maphunziro amayenda m'malevulo, ndipo wophunzira amasinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi nthawi ya atachimenti pa kampani kapena pa shopu ya mmisiri. Ubwino wa malevulo ndi wakuti ndalama zikathera pakati, mumatsala ndi pepala la levulo imene mwamaliza, n'kudzapitiriza mtsogolo. Wosiyira yunivesite chaka chachitatu amatuluka ndi MSCE yomwe analowa nayo.

Yachiwiri ndi kulowa m'makoleji omwewo, kapena a mipingo monga Don Bosco ku Lilongwe, modzilipirira nokha. Fizi imakwererapo, koma simudikira mndandanda. Apa funsani mayeso amene mudzalembe pamapeto ndi bungwe limene lidzapereke satifiketi. Sukulu imene imangopereka pepala losindikiza yokha ikugulitsani chinthu chimene kampani sidzachilandira. Pitaninso mukaone wekishopu ndi maso anu. Ngati ophunzira 40 akudikirana pa makina amodzi owotcherera, mudzatuluka mukudziwa zojambula pabolodi zokha.

Yachitatu ndi imene amisiri ambiri m'dziko muno anadzera: kukhala pa garaja, pa shedi ya kalipentala kapena pa shopu ya telala, kumatumidwa mpaka manja atazolowera. Njirayi ndi yotchipa ndipo imakuphunzitsani kulankhula ndi makasitomala kuyambira tsiku loyamba. Zoopsa zake ndi ziwiri. Mumatengera zonse za mphunzitsi wanu, zolakwika zomwe, ndipo palibe wokuuzani kuti apa sipali bwino. Komanso pakapanda mgwirizano, mnyamata amatha zaka 3 akutsuka mabawuti ndi kugula chipisi cha abwana osaloledwa kutsegula injini. Makolo akhale pansi ndi mmisiriyo poyamba pomwe, agwirizane nthawi yophunzira, zimene mwana akhale atadziwa ikamatha miyezi 6 iliyonse, ndi tsiku limene ayambe kulandira kangachepe. Akadziwa ntchito, akalembe mayeso a luso a Trade Test a Unduna wa Zantchito, kapena afunse ku TEVETA za ndondomeko yoyesa ndi kupereka pepala kwa amene anaphunzirira pantchito. Popanda pepala, luso limathera pa maganyu. Kampani, boma ndi ntchito za kunja zonse zimayamba zafunsa satifiketi.

Atachimenti ndi pamene pagona zonse. Makampani olandira ophunzira ndi ochepa, ndipo ena amangowasandutsa onyamula katundu. Yambani kufunafuna malo miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo lembani m'buku ntchito iliyonse imene mwagwira ndi manja anu, woyang'anira asainire. Amisiri ambiri ntchito yawo yoyamba anaipeza pamalo pomwe anachitira atachimenti.

Posankha luso, yang'anani kumene mudzakhale. Wowotcherera m'dera la magetsi ozimazima amafunika jenereta yamphamvu, apo ayi amakhala tsiku lonse manja ali m'thumba. Njinga zamoto za kabaza zafika mpaka kumidzi yakutali, ndipo zonsezo zimafuna wozikonza. Magetsi a sola akufalikira, koma oika mwaluso, odziwa kuwerengera kukula kwa batire ndi panelo, ndi ochepa kuposa ongolumikiza mawaya. Pa zomangamanga, ntchito zikuluzikulu zinasiya njerwa zootcha n'kuyamba mabuloko a simenti, choncho womanga wodziwa njerwa zokha watsalira. Pa ukalipentala ndi utelala anthu ndi ambiri, ndipo amapulumuka ndi amene ntchito yake ndi yosalala kuposa ya anzake. Atsikana asadziikire malire pa utelala ndi zophikaphika. TEVETA imalimbikitsa atsikana kulowa m'maluso a magetsi, mapaipi ndi magalimoto, ndipo mpikisano wa malo kumeneko umawakomera.

Wamagetsi adziwe kuti satifiketi ya kukoleji siikwanira kuti asainire nyumba. Pamafunika chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ndipo popanda siginecha ya munthu wachilolezo ESCOM silumikiza magetsi. Ambiri amakoka mawaya okha n'kumalipira mnzawo wachilolezo kuti asaine, phindu n'kuthera pomwepo.

Kenako zipangizo. Ili ndiye dzenje limene omaliza maphunziro ambiri amagweramo. Kalipentala amafunika sowo, puleni, matchizulo, sikweya, hamala ndi tepi asanalandire oda yoyamba. Wowotcherera amafunika makina, galayindala ndi chigoba chotetezera maso, ndipo chigobacho si chokongoletsa, moto wowotcherera umawononga maso. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake imalumpha sabata yomweyo. Gulani chimodzichimodzi mukadali pasukulu, kuchokera pa maganyu a patchuthi. Banja limene likanatha kulipira fizi ya yunivesite liike padera ndalama ya bokosi la zipangizo, chifukwa limenelo ndilo digiri ya mmisiri.

Chimene chimagwetsa amisiri odziwa ntchito si manja koma ndalama ya kasitomala. Munthu walandira dipoziti ya zitseko, waidyera pa vuto la pakhomo, ndiye akudikira dipoziti ya wina kuti agulire matabwa a woyamba. Pakatha miyezi itatu akubisala foni ikalira. Ndalama ya zipangizo isasakanizike ndi ya ntchito, ndipo mtengo umene mwatchula ukhale ndi masiku ake, chifukwa simenti ya lero si mtengo wa mwezi wamawa.

Usilikali: malipiro amabwera msanga, ufulu umapita msanga

M'Malawi mulibe lamulo lokakamiza achinyamata kulowa usilikali. Aliyense amalowa mwa kufuna kwake, Malawi Defence Force ikalengeza kuti ikulemba anthu. Apa pali vuto loyamba: kulengezako kulibe mwezi wodziwika ngati wa NCHE, ndipo ofuna amachuluka kutalitali kuposa malo. Munthu asakhale pakhomo zaka 3 akudikira chilengezo osachita china. Zaka zoyambira ndi 18, malire a pamwamba amalembedwa m'chilengezomo, ndipo mukawapyola palibe kudandaula.

Msilikali wamba amafunika MSCE, thupi lolimba, msinkhu wokwanira ndi mbiri yopanda milandu. Pamakhala kuthamanga, kuyezedwa ndi achipatala ndi kuunika mapepala. Amene akufunadi ayambe kuthamanga miyezi ingapo chilengezo chisanatuluke, osati sabata yomweyo. Osankhidwa amaphunzira kwa miyezi ingapo, ndipo sukulu yaikulu ya asilikali ndi MAFCO ku Salima. Maphunzirowo salipiritsa, chakudya, pogona ndi yunifolomu ndi za boma. Pa njira zitatuzi, iyi yokha ndi imene mwana wa pakhomo posauka angalowe popanda fizi n'kuyamba kutumiza ndalama kumudzi chaka chisanathe kapena chitangotha. Pali chipatala, pali penshoni, pali makwerero a maudindo kuchoka pa Private kupita pa Lance Corporal, Corporal, Sergeant mpaka Warrant Officer. Sitikuchepetsa zimenezi, kwa mabanja ambiri ndi zazikulu.

Chenjezo limodzi lisadumphidwe. Nthawi yolemba asilikali ikafika, akamberembere amadzaza pa WhatsApp ndi pa Facebook kulonjeza malo mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Kulowa usilikali sikugulidwa. Mabanja agulitsapo mbuzi ndi minda chifukwa cha mauthenga otere.

Tsono walira mvula walira matope. Msilikali amasaina mgwirizano wa zaka zingapo, ndipo kuchoka popanda chilolezo ndi mlandu woweruzidwa ndi khoti la asilikali. Sasankha kokhala. Wa ku Nsanje akhoza kupezeka ku Chilumba ku Karonga, wa ku Chitipa ku Cobbe ku Zomba, wina ku Kamuzu Barracks, ku Moyale, ku Mvera kapena panyanja ku Monkey Bay. Sanyanyala ntchito, salowa ndale za chipani, ndipo lamulo la wamkulu limayamba latsatidwa, kudandaula pambuyo. Munthu amene amafuna kufotokozeredwa chifukwa cha chilichonse asanachite adzavutika tsiku lililonse.

Achinyamata ambiri amakopeka ndi ndalama za ku mishoni, poona nyumba zimene obwerera ku Congo amanga. Ndalamazo n'zoona, koma sapita aliyense, ndipo sapita nthawi imene wafuna. Ndipo kumeneko ndi kunkhondo. Asilikali a Malawi anayamba kutumizidwa kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo mu 2013, m'gulu la United Nations lomenyana ndi zigawenga, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi tawuni ya Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya kulimba mtima ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 enanso 3 anafa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23, ali pansi pa gulu la SADC. Amene akulowa usilikali alowe akudziwa maina amenewa, ndipo makolo amene akukankhira mwana kumeneko chifukwa cha malipiro awadziwenso. Kuno kumudzi ntchito yake ndi monga imene tinaiona mu Malichi 2023, asilikali akufukula anthu m'matope a namondwe Freddy.

Funso limene msilikali wachinyamata salifunsa ndi la tsiku lovula yunifolomu. M'gulu la asilikali muli madalaivala, amakaniko, anamwino, amisiri a zomangamanga, a zamauthenga ndi oimba bandi, ndipo amenewa amatuluka ndi luso logulitsika. Koma amene amasankha nthambi yanu ndi akuluakulu, malinga ndi zosowa zawo. Amene wakhala ndi mfuti yokha zaka zonse amapeza kuti kunja kuno ntchito yomudikira kwambiri ndi ya ulonda. Wolowa ndi satifiketi ya luso kale amakhala ndi mwayi woikidwa kumene lusolo likufunika, ndipo wolowa wopanda kanthu ayambe kuphunzira akadali mkati. MZUNI, mwachitsanzo, imaphunzitsa za chitetezo mpaka pa digiri.

Kuziika pa sikelo imodzi

Ngati mwasankhidwa ku yunivesite ya boma pa pulogalamu yomwe ili ndi ntchito yodziwika, ndipo banja likhoza kukunyamulani zaka zonse ngakhale movutikira, pitani. Ngati mtima uli kuusilikali, pitanibe ku yunivesite, chifukwa wa digiri akhoza kudzalowa ngati ofesala kadeti n'kuyambira pa Second Lieutenant, udindo umene asilikali wamba ambiri safikapo moyo wawo wonse. Muzingoyang'anira malire a zaka.

Ngati muli ndi makirediti koma simunasankhidwe, ndipo njira yotsala ndi kugulitsa munda kuti mulipire digiri imene simukudziwa kumene idzakufikitseni, ife tikuti tengani luso. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mukhala mukulandira yanu, ndipo yunivesite simunaitaye. Wa dipuloma amene wagwirapo ntchito akhoza kulowa ngati wophunzira wamkulu, ndipo MZUNI ndi LUANAR ali ndi maphunziro a patali omwe munthu amachita akugwira ntchito. Wamagetsi amene wadzakhala injiniya atagwirapo kale mawaya amaposa mnzake wongochokera m'kalasi. Kubwereza Fomu 4 kuli ndi nzeru ngati phunziro limodzi kapena awiri ndiwo anakugwetsani ndipo mukudziwa chimene chisinthe ulendo uno. Kubwereza kachitatu pa sukulu yomweyo, ndi mabuku omwewo, n'kutaya zaka.

Ngati pakhomo palibiretu wolipira, ndipo thupi ndi mtima zikulola, usilikali ndi njira yolemekezeka. Koma poti chilengezo sichidziwika tsiku lake, lowani pa shedi ya mmisiri kapena pa koleji ya m'dera lanu mukudikira. Chikatuluka mudzapita ndi luso m'manja, chikapanda kutuluka simunataye kanthu.

Njira zonse zitatu zimakumana pa tebulo limodzi, la wounika mapepala. Onani lero lomwe ngati dzina ndi tsiku lobadwa zili chimodzimodzi pa chitupa cha unzika ndi pa mapepala a MANEB. Mwana amene kusukulu analembetsa dzina la agogo, pa chitupa n'kulemba la bambo, kapena amene anamuchepetsera zaka ali ku pulayimale, amabwezedwa pa ngongole ya HESLGB, pa kulembetsa kukoleji ndi pa mzere wa asilikali. Kukonza zimenezi ku NRB, ofesi ya zitupa za unzika, kapena ku MANEB kumatenga nthawi, ndipo chilengezo chikatuluka masiku ofunsira amakhala owerengeka. Jambulitsani makope angapo a pepala lililonse, asainidwe ndi ovomerezeka kutsimikizira makope, ndipo mapepala enieniwo musasiyire munthu aliyense amene akuti akakuperekerani.